Mkangano wa penshoni ya azimai ku Britain: boma lapepesa koma lakana kulipira

Kwa zaka zoposa khumi, aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Britain akhala akukangana pa nkhani ya azimai oposa 3.5 miliyoni amene anabadwa m'zaka za m'ma 1950. Azimaiwa anayamba nchito akudziwa kuti adzalandira penshoni ya boma akadzakwanitsa zaka 60. Lamulo linasintha iwo atagwira kale nchito zaka zambiri, ndipo oculuka a iwo anadikira mpaka zaka 65 kapena 66 asanaone ndalama yoyamba.

Gulu lalikulu loimira azimaiwa silitsutsa zakuti mwamuna ndi mkazi azilandira penshoni pa msinkhu umodzi. Dandaulo lake ndi lakuti eni nkhani sanauzidwe pa nthawi yake. Ofesi yofufuza madandaulo a anthu inapeza kuti boma linacedwadi kuwauza. Boma linabvomera ndi kupepesa, koma lakana kawiri konse kupereka cipukuta misozi. Motero funso limene likukanganitsa andale ndi ili: boma likacedwa kudziwitsa anthu za lamulo lokhudza ukalamba wao, kodi kupepesa kokha nkokwanira?

Mmene penshoniyi imayendera

Ku Britain, munthu wogwira nchito amadulidwa pa malipiro ake ndalama yochedwa National Insurance. Ndalamayi siisungidwa m'dzina lake kuti adzaitenge akadzakalamba. Zimene ogwira nchito akupereka lero ndi zomwe zikulipira okalamba a lero. Kaamba ka ici, okalamba akamaculuka ndi kukhala ndi moyo zaka zambiri, katundu amalemera pa amene akali pa nchito, ndipo boma limayamba kuganiza zokweza zaka zoyambira kulandira penshoni.

Kwa amene anafika msinkhu wa penshoni kuyambira mu April 2016, lamulo limafuna zaka 35 zopereka ndalamayi kuti munthu alandire penshoni yathunthu, ndiponso zaka zosacepera 10 kuti alandireko kanthu. M'caka ca boma ca 2025 mpaka 2026, penshoni yathunthu inali mapaundi 230.25 pa sabata, zimene ndi pafupi-fupi mapaundi 12,000 pa caka.

Munthu ali ndi ufulu wosiya nchito pa msinkhu uliwonse, koma penshoni ya boma sangaitenge tsiku lake lisanakwane, ngakhale atadwala kapena nchito itamuthera. Ndiye cifukwa cake kudziwa tsikulo nkofunika kwambiri kwa aliyense amene akukonzekera ukalamba.

Kumene kusiyana kunacokera

Penshoni ya boma ku Britain inayamba kulipiridwa mu January 1909. Inali masheleni 5 pa sabata kwa anthu osauka a zaka 70, amuna ndi akazi mofanana. Lamulo la 1925 linabweretsa penshoni ya pa zaka 65 kwa opereka ndalama kucokera pa malipiro.

Kusiyana kunabwera mu 1940, nkhondo yaciwiri ya pa dziko lonse ili mkati, pamene zaka za akazi zinatsitsidwa kufika pa 60 ndipo za amuna zinatsala pa 65. Cifukwa cimodzi cinali cakuti akazi ambiri anali ang'ono kwa amuna ao, cotero mwamuna akapuma pa zaka 65, banja linkadikira nthawi yaitali kuti mkazi nayenso afike msinkhuwo. Panalinso kukakamiza kwa kabungwe ka akazi osakwatiwa kamene Mai Florence White a ku Bradford anayambitsa mu 1935. Iwo ankapempha penshoni pa zaka 55, ponena kuti akazi ogwira nchito m'mafakitale a nsalu ankatha mphamvu msanga.

Dongosolo la zaka 60 ndi 65 linakhala zaka 70 osasintha. Ana akazi obadwa pambuyo pa nkhondo anakula akudziwa kuti msinkhu wa akazi wolandira penshoni ndi zaka 60.

Malamulo awiri amene anasintha zinthu

Pofika m'zaka za m'ma 1990, kusiyanaku kunali kobvuta kukuikira kumbuyo. Akazi anali kukhala ndi moyo wautali kuposa amuna, komabe anali kuyamba kulandira penshoni zaka zisanu patsogolo pao. Mu 1990, bwalo la milandu la maiko a ku Ulaya linagamula kuti penshoni za m'makampani zisamasiyanitse amuna ndi akazi. Mu November 1993, nduna ya zacuma, a Kenneth Clarke, analengeza kuti nayo penshoni ya boma idzakhala pa zaka 65 kwa onse.

Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1995, mu ulamuliro wa a John Major a cipani ca Conservative. Linati zaka za akazi zidzakwera pang'ono-pang'ono kucoka pa 60 kufika pa 65 pakati pa 2010 ndi 2020, kuyambira ndi obadwa pa 6 April 1950. Pa pepala, anthu anapatsidwa zaka 15 zokonzekera. Boma la Labour limene linalowa mu 1997 silinasinthe lamuloli, ndipo mu 2007 linaonjezera lina lakuti zaka za onse zidzafike pa 66 pakati pa 2024 ndi 2026.

Kenaka kunabwera mabvuto a zacuma a mu 2008. Boma la mgwirizano la a David Cameron ndi a Nick Clegg, limene linalowa mu 2010, linali kufuna-funa pocepetsera ndalama zimene boma limagwiritsa nchito. Lamulo la 2011 linafulumizitsa ndondomeko yonse: akazi afike pa 65 pofika November 2018, ndipo amuna ndi akazi omwe afike pa 66 pofika October 2020. Aphungu atadandaula, boma linabwezako pang'ono kuti pasakhale mzimai woonjezeredwa miyezi yoposa 18 pamwamba pa zimene lamulo la 1995 linanena.

Citsanzo ici cionetsa mmene malamulo awiriwa anagwera pa anthu. Mzimai wobadwa pa 10 March 1953 anayamba kulandira penshoni pa 6 March 2016, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 63. Mnzake wobadwa pa 10 March 1954 anadikira mpaka pa 6 September 2019, ali ndi zaka 65 ndi theka. Kusiyana kwa caka cimodzi pobadwa kunasanduka kusiyana kwa zaka zitatu ndi theka polandira penshoni. Obadwa kuyambira pa 6 October 1954 anadikira mpaka zaka 66.

Dandaulo la azimai

Lamulo litakhazikitsidwa mu 1995, boma linasindikiza timapepala ndi kulengeza m'manyuzipepala, koma silinalembere mzimai aliyense payekha. Makalata oyamba anatumizidwa mu April 2009, patapita zaka 14. Enanso anatumizidwa pakati pa 2012 ndi 2013, okhudza lamulo laciwiri lija. Azimai ena akuti kalata inawafika atatsala ndi caka cimodzi kapena ziwiri kuti akwanitse zaka 60, ndipo ena akuti sanailandire nkomwe.

Pa nthawiyo ambiri anali atapanga kale zosankha zosabwezeka. Ena anasiya nchito kuti asamalire makolo okalamba, mwamuna wodwala kapena adzukulu, poganiza kuti ndalama zimene anasunga zidzawafikitsa pa zaka 60. Ena anabvomera kucotsedwa nchito makampani akucepetsa anchito. Enanso anagawana cuma posudzulana mowerengera kuti penshoni ili pafupi. Kufunanso nchito pa msinkhu wa zaka 60 sicinali cinthu capafupi.

Azimaiwa akunenanso kuti mbadwo wao unayamba nchito zinthu zisanafanane. Ambiri anasiya sukulu ali ndi zaka 15 kapena 16. Lamulo la malipiro ofanana pakati pa amuna ndi akazi linayamba kugwira nchito mu 1975. Ogwira nchito ya maola ocepa, amene ambiri anali akazi olera ana, kawiri-kawiri sanali kuloledwa kulowa m'mathumba a penshoni a m'makampani mpaka m'zaka za m'ma 1990. Motero kwa oculuka a iwo, penshoni ya boma ndiyo inali cidaliro cacikulu.

Mu 2015, azimai asanu anayambitsa gulu la Women Against State Pension Inequality, lodziwika ndi dzina lacidule lakuti WASPI. Gululi likufuna cipukuta misozi kaamba ka kusauzidwa. Gulu lina, la Backto60, linafuna zoposa pamenepo: kuti azimai abwezeredwe penshoni yonse kuyambira pa zaka 60. Ilo linapita ku bwalo la milandu ponena kuti lamuloli linali la tsankho, koma bwalo lalikulu linakana mu October 2019. Oweruza anati lamulo silinasankhe akazi, koma linacotsa mwai umene iwo anali nao kuposa amuna. Bwalo la apilo linagwirizana ndi cigamuloci mu September 2020, ndipo mu 2021 bwalo lapamwamba kwambiri linakana kumva mlanduwo. Unduna woona za nchito ndi penshoni unawerengera kuti kubwezera akazi pa zaka 60 kukanadya mapaundi oposa 180 biliyoni.

Zimene wofufuza madandaulo anapeza

Njira ya makhoti itatsekeka, maso anatembenukira ku ofesi ya Parliamentary and Health Service Ombudsman. Nchito ya ofesiyi ndi yofanana ndi ya Public Protector kuno ku Zambia: imafufuza madandaulo a anthu pa kayendetsedwe ka maofesi a boma. Ilibe mphamvu yosintha lamulo kapena yokakamiza boma kulipira. Imangonena zimene yapeza ndi zimene ikuona kuti ziyenera kucitika.

Ofesiyi inasankha madandaulo a azimai asanu ndi mmodzi kuti aimire ena onse. Mu July 2021 inatulutsa lipoti loyamba. Inapeza kuti pakati pa 1995 ndi 2004 boma linafalitsa uthenga m'njira yobvomerezeka. Kulakwa kunayamba pambuyo pake. Kafukufuku wa unduna womwewo wa mu 2004 anaonetsa kuti mwa azimai 100 alionse okhudzidwa, 43 okha ndiwo anali kudziwa kuti msinkhu wao wa penshoni sunalinso 60. Unduna unaona zimenezi koma sunacitepo kanthu mwacangu. Malinga ndi lipotilo, makalata anayenera kuyamba kutumizidwa pofika December 2006, osati April 2009. Uku kunali kucedwa kwa miyezi 28.

Lipoti lomaliza linatuluka pa 21 March 2024. Linati azimai asanu ndi mmodzi aja sanataye ndalama mwacindunji kaamba ka kucedwa kwa makalata, cifukwa zaka zinakwezedwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo. Cimene anataya ndi mpata wokonza tsogolo lao akudziwa zoona. Ofesiyi inati cipukuta misozi coyenera ndi ca pakati pa mapaundi 1,000 ndi 2,950 pa munthu. Ngati azimai onse a mbadwowo atalipiridwa, boma likhoza kutulutsa pakati pa mapaundi 3.5 biliyoni ndi 10.5 biliyoni. Poona kuti unduna sunali kuonetsa mtima wotsatira, ofesiyi inapereka lipotilo kwa aphungu kuti alowererepo, zimene sizicitika kawiri-kawiri.

Andale ali kunja ndi andale ali m'boma

Nkhaniyi yaonetsa kusiyana kwa zimene andale amanena akakhala ku mbali yotsutsa ndi zimene amacita akagwira thumba la boma.

Mu January 2016, phungu wa cipani ca Scottish National Party, Mai Mhairi Black, amene anali ndi zaka 21 zokha, anatsogolera zokambirana zopempha boma kuti lithandize azimaiwa. Aphungu 158 anabvomereza ndipo panalibe wotsutsa, cifukwa a mbali ya boma sanavote. Voti imeneyo inalibe mphamvu yomanga boma, ndipo palibe cinasintha.

Pa masankho a December 2019, cipani ca Labour, motsogozedwa ndi a Jeremy Corbyn, cinalonjeza mapaundi 58 biliyoni kwa azimaiwa. Cinagonja kwa a Boris Johnson. M'zaka zotsatira, akulu-akulu a cipanici, kuphatikizapo a Keir Starmer, Mai Rachel Reeves ndi Mai Liz Kendall, anajambulitsa zithunzi ndi azimai a WASPI posonyeza kuti ali nao limodzi. Komabe m'buku la malonjezo a masankho a 2024 munalibe lonjezo la kulipira.

Lipoti la wofufuza litatuluka, nduna ya Conservative yoona za penshoni, a Mel Stride, anati afunika nthawi yoliwerenga bwino. Masankho a July 2024 anafika asanapereke yankho, ndipo mtolo unagwera boma latsopano la Labour.

Pa 17 December 2024, Mai Kendall, amene tsopano anali nduna yoona za nchito ndi penshoni, anaima m'Nyumba ya Malamulo. Anabvomera kuti makalata anacedwa ndi miyezi 28 ndipo anapepesa, koma anati boma sililipira. Anapereka zifukwa zitatu. Coyamba, kafukufuku wa mu 2006 anaonetsa kuti azimai 90 mwa 100 alionse a zaka 45 mpaka 54 anali kudziwa kuti zaka za penshoni zikukwera. Caciwiri, anthu ocepa okha ndiwo amakumbukira kalata imene sanaipemphe, cotero makalata akanapita msanga sakanasintha zambiri. Cacitatu, kulipira onse mofanana kukanapatsa ndalama ngakhale amene anali kudziwa, pamene kufufuza mmodzi-mmodzi pakati pa anthu mamiliyoni kukanatenga zaka ndi anchito ambiri. A Starmer, monga nduna yaikulu, anaonjezera kuti okhoma msonkho sangathe kusenza mtolo wotere.

A WASPI, amene wapampando wao ndi Mai Angela Madden, anayankha kuti kumva zakuti zaka zikukwera nkosiyana ndi kudziwa tsiku lako leni-leni. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa ziwerengero ziwiri zija, 90 ndi 43: cimodzi cikunena za kumva mphekesera ya kusintha, cinaco za kudziwa kuti kusinthako kukukhudza iwe mwini. Iwo anafunsanso kuti ofesi ya wofufuza ili ndi phindu lanji ngati boma lingabvomere kulakwa koma nkukana mankhwala ake. Zipani za Liberal Democrats ndi Scottish National Party zinaima ndi azimaiwa, pamodzi ndi aphungu ena a Labour amene anatsutsa boma lao.

Palinso ena amene akugwirizana ndi boma pa cifukwa ca cilungamo pakati pa mibadwo. Iwo akuti ndalama zolipira zikanacokera kwa acinyamata amene akubvutika kale ndi mitengo ya nyumba, ndiponso amene adzadikira zaka 67 kapena 68 kuti alandire penshoni yao.

Mu 2025 gulu la WASPI linatengera ciganizo ca boma ku bwalo la milandu. Mlandu usanamvedwe, panapezeka kafukufuku wa unduna wa mu 2007 amene Mai Kendall sanaonetsedwe popanga ciganizo cao. Nduna imene inawalowa m'malo, a Pat McFadden, inalengeza mu November 2025 kuti boma liunikanso nkhaniyi. Mu January 2026 a McFadden anabwerera kwa aphungu, napepesanso, koma yankho linali lomwe lija: palibe cipukuta misozi.

Maiko ena, ndi kuno kwathu

Britain sali yekha pa mkangano wotere. Dziko la Poland linakweza zaka kufika pa 67 kwa onse mu lamulo la 2012, koma boma lotsatira linazibweza mu 2017 kukhala 60 kwa akazi ndi 65 kwa amuna. Ku Switzerland, anthu anavota mu September 2022 kuti zaka za akazi zikwere kucoka pa 64 kufika pa 65, ndipo obvomereza anangopitirira theka pang'ono cabe.

Kuno ku Zambia zaka zopumira pa nchito ndi zofanana kwa amuna ndi akazi, koma nafenso tinaona mkangano pamene zinasinthidwa. Mu 2014 zaka za ogwira nchito m'boma zinakwezedwa kucoka pa 55 kufika pa 65. Anthu atadandaula, mu 2015 zinaikidwa pa 60, ndi mwai wopuma msanga pa 55 kapena mocedwa pa 65, ndipo lamulo la NAPSA linasinthidwa caka comweco. Ndiponso azimai a kuno amene anapita kukagwira nchito ku Britain, monga anamwino, ngati anabadwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo anali kupereka National Insurance, malamulo aja anawakhudza mofanana ndi eni dziko.

Zimene zili kutsogolo

Zaka za penshoni ku Britain sizinaime pa 66. Lamulo la 2014 linaika kuti zikwere kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028, ndipo lamulo la 2007 likunena za 68 pakati pa 2044 ndi 2046. Mu July 2025 boma linayambitsa kuunikanso kwina kwa zaka zimenezi, monga mmene lamulo limafunira nthawi ndi nthawi.

Kuyambira mu 2013, maboma a dzikolo akhala akunena kuti anthu ayenera kudziwitsidwa zaka khumi kusintha kulikonse kusanacitike. Azimai a m'zaka za m'ma 1950 akukumbutsa kuti lamulo la 1995 linapereka zaka 15, komabe uthenga sunafike pa makomo ambiri. Onse tsopano anapyola zaka 66 ndipo akulandira penshoni yao, kupatulapo ambiri amene anamwalira nkhaniyi ikali kukambidwa. Cimene otsalawo akudikira ndi yankho pa zaka zimene anakonzekera molakwika cifukwa kalata inacedwa.